Nkhumba za a Pruitt ndi Msonkho wa ku Washington

M'mawa wa Lolemba lomaliza la Julaye m'chaka cha 1866, a Hezekiah Pruitt, mwini banki ya m'katauni ka Dunker's Ford ku Indiana, anapeza alimi asanu atakhala pakhonde la banki yawo, chitseko chili chokhoma dzuwa litakwera kale. Anazungulira kukhomo lakuseri, ndipo m'katimo anapeza mlamu wawo Lemuel Oakes, kalaliki wa bankiyo, atakhala phee pakauntala ndi makalata awiri, rula ndi sizasi.

"Alamu, wamwalira ndani?"

"Sindinamve," anatero Lemuel. "Inu mwamva ndani?"

"Ndikufunsa za chitseko. Banki ino sitseka Lolemba pokhapokha pagwe maliro."

"Oo, chitseko. Ndakhoma ndine. Kwabwera kalata ya boma lalikulu la ku Washington." Lemuel anaiwongola ndi chikhatho nayamba kuwerenga, chala chikutsata mawu. "Akuti kuyambira Lachitatu likudzali, ndalama za pepala zimene banki ngati yathuyi imadzisindikizira yokha zikatuluka m'banki, pa madola zana alionse boma litengapo khumi."

"Zimenezo ndinazimva chaka chatha. Ndinakana."

"Ndiye ine ndinaganiza kuti, nanga zikapanda kutuluka?"

A Pruitt anavula chipewa, nayang'ana m'kati mwake ngati kuti mmenemo muli nzeru zina zapadera, nachivalanso.

"Lero si Lachitatu."

"Ndimafuna ziyambe kuzolowera."

"Nanga anthu ali panjawo?"

"Kalata sikuwaletsa kukhala panja."

Wina anagogoda pachitseko. A Pruitt anakuwa kuti adikire, akuwerenga zinthu za boma. Apo ndi pamene maso awo anagwera pa kamulu ka tizidutswa ta mapepala pafupi ndi sizasi.

Kwa zaka khumi ndi zinayi banki ya a Pruitt inkasindikiza ndalama zakezake. Pa pepala la madola asanu panali chithunzi cha Duchess, nkhumba yawo yaikazi imene inapambana katatu pa chionetsero cha zaulimi, ndipo kumapeto kwa pepalalo kunali nkhope ya a Pruitt eniake, ndevu zili yangayanga. Anthu a m'deralo sankati madola asanu. Ankangoti nkhumba imodzi.

"Alamu, izi ndi chiyani?"

"Msonkho."

"Msonkho wanji wokhala ndi diso?"

"Khumi pa zana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndayeza ndi rula. Pepala lililonse ndikudulako gawo la boma, kenako ndiika mu envulopu." Lemuel anatola kachidutswa kamodzi nakaonetsa kuwala. "Ndayamba ndi makumi anayi okha, oyesera."

A Pruitt anatenga limodzi la mapepala odulidwawo. Duchess anali yense, mpaka kamchira kake kopotana. Koma iwo anali atatsala ndi diso limodzi, theka la mphuno ndi ndevu za mbali imodzi.

"Bwanji simunadule mbali inayo?"

"Kuli mchira wa nkhumba. Anthu amaikonda."

"Ndiye mwaona kuti kuli bwino kudula ine."

"Si inu nonse ayi. Khutu, diso ndi ndevu pang'ono. Ndinati mwinanso ndi bwino boma likudziweni."

"Aa, koma abale." A Pruitt anakhala pampando mwamphamvu, mpandowo nulira. "Tamverani, alamu. Boma silikufuna khutu langa. Likufuna kupha nkhumba yanga."

Lemuel anatukula mutu msanga. "Duchess? Ndamuona m'mawawu akudya chimanga."

"Ya pepala. Nkhondo yapachiweniweni ija itawadyera ndalama, a ku Washington anakhazikitsa mabanki awoawo, ndipo akufuna dziko lonse lizigwira pepala limodzi lochokera kwa iwo. Aona kuti ife sitikugonja, ndiye atchera msonkho pakhomo. Koma nkhumba yanga yayenda, alamu. Yafika mpaka ku Terre Haute."

"Kumeneko amaitenga ngati madola anayi."

"Ndani wanena?"

"Ndinapita nayo chaka chatha. Wa sitolo anati sakudziwani. Ndinamuonetsa nkhope yanu, ndiye anachotsanso masenti makumi asanu."

A Pruitt anaona kuti nkhani imeneyo siyothandiza, naloza kalata inayo.

"Iyo yachokera kuti?"

"Ku Indianapolis. Boma lathu la chigawo."

"Eyaa. Amenewo ndiye athu. Chilolezo cha banki ino anatipatsa ndi iwowo, ndipo sangalole kuti mlendo adzatithire mchenga m'chakudya. Akuti bwanji? Tilimbe?"

"Akuti titembenuke."

"Titani?"

"Akuti poona msonkho umene wabwerawu, asintha lamulo lawo. Banki ya chigawo tsopano ikhoza kutembenuka n'kukhala banki ya boma lalikulu popanda kutseka kapena kugulitsa katundu." Lemuel anakanda m'mutu ndi rula. "Ndiye dzulo titatuluka m'tchalitchi ndinaonana ndi abusa a Whitlock."

"Abusa alowapo bwanji?"

"Za kutembenuka amadziwa ndi iwowo. Akuti ndi okondwa kwambiri, akhala akuipempherera banki ino kwa nthawi yaitali. Vuto ndi lakuti mpingo wathu suwaza madzi pamutu, umamiza yense. Ndinakayeza mtsinje ndi nsungwi. Banki ingalowe mpaka m'mazenera basi."

"Iwe Lemuel."

"Ndi zimene ndinaona nanenso, kuti sizitheka. Ndiye ndinati mwina akunena kutembenuka kwinaku. Washington ali kum'mawa, ife tinayang'ana kumadzulo. A Yoder avomera kubwera Lachinayi ndi ng'ombe zisanu ndi zitatu ndi maunyolo. Akuti nkhokwe anatembenuzapo, koma ya njerwa ikhala yoyamba."

A Pruitt anatseka maso. Anakumbukira tsiku limene mkazi wawo Drusilla anawapempha kuti amulembe ntchito mlongo wake, n'kuwauza kuti Lemuel ndi munthu amene amachita ndendende zimene wauzidwa. Nthawi imeneyo iwo anamva ngati akumutama.

"Palibe ng'ombe ikhudze nyumba ino. Kutembenuka kwake n'kwa papepala. Timasaina, dzina limasintha, nkhumba yanga amaiwotcha, ndipo kawiri pachaka kumabwera kamnyamata ka kolala yoyera kudzasuzumira m'mabuku mwanga ngati ndine wakuba. Ndakana."

"Mwakana ndi chiyani?"

"Ndi chiyani bwanji?"

"Ndi pakamwa, kapena thupi lonse?" Lemuel anatembenuza kalata. "Chifukwa apa alemba kuti pafunika kuti magawo awiri mwa atatu a eni banki avomere. Tayimirirani kaye."

A Pruitt sanadziwe chifukwa chake anaimirira, koma anaimirira. Lemuel anazungulira kauntala, nayamba kuwayeza ndi rula kuyambira ku nsapato, akuwerenga chapansipansi. Atafika pa batani lachitatu la jekete anaikapo chala.

"Magawo awiri athera apa. Kuyambira apa kutsika m'munsi mukavomera, zatheka. Mutu lamulo silikuufuna."

"Chotsani chala."

"Miyendo yanu ikuti bwanji?"

"Miyendo yanga ikuti ikumenyeni theche." A Pruitt anakankha rula. "Eni banki tilipo atatu: ine, inu, ndi Drusilla. Magawo awiri mwa atatu ndiye kuti anthu awiri asaine. Anthu athunthu, a mitu yawo."

"Oo." Lemuel analemba zimenezo kuseri kwa envulopu. "Anthu awiri athunthu. Achemwali ali ku Ohio kwa azakhali mpaka mwezi wa mawa."

"Ndiye nkhani yatha. Ine sindisaina."

Kunja munthu uja anagogodanso, nafunsa ngati banki yagwa. A Pruitt anayankha kuti yagwa ndi ya agogo ake.

"Pali njira ina," anatero Lemuel. "Ili kumunsi kwa kalata. Akuti amene sakufuna kutembenuka akhoza kukhalabe banki ya chigawo, koma asiye kusindikiza ndalama. Anthu azisungitsa ndalama zawo kuno, ndipo akafuna kulipira mnzawo azilemba cheke."

"Chimenecho ndi chiyani?"

"Kapepala. Munthu amalemba yekha kuti a banki, mupatseni uje madola akuti, n'kusaina. Pamenepo msonkho palibe, chifukwa walemba si ife."

"Tadikirani." A Pruitt anatukula dzanja. "Ine amene ndili ndi bokosi lachitsulo, ndi chilolezo, ndi ndevu, akundiletsa kulemba ndalama. Koma Amos Birdsall, amene amasaina ndi mtanda, azilemba zake atakhala pachitsa?"

"Akhale ndi ndalama kuno kaye."

"Mlimi aliyense banki payekha."

"Akafuna akhoza kujambulapo nkhumba yake."

"Nkhumba za Birdsall? Zija zooneka ngati agalu?" A Pruitt anayamba kuyendayenda kuchoka pazenera kukafika pa bokosi lachitsulo. "Tamvani, alamu, ndipo mumvetse. Ndalama ndi nkhope. Munthu akalandira nkhumba yanga amadziwa kumene ndimakhala, amadziwa mpando wanga m'tchalitchi, akhoza kubwera kudzandigwira pakhosi. Kodi wa ku Washington mungamugwire pakhosi? Mumudziwa? Lero akuti khumi pa zana. Mawa adzati chiyani? Bambo anu anaika madola awo m'nyumba ino chifukwa inali yathu, osati ya anthu amene sanapondepo matope a kuno. Tikasaina pepala limenelo, ndife antchito m'nyumba yathu yomwe."

Lemuel anali atasiya kulemba. Ankamvetsera kukamwa kuli pululu.

"Zoona zimenezo?"

"Zoona zokhazokha. Ndipo ndikuuzeni. Tsiku limene mudzandimve ndikupempha pepala lotembenukiralo kuti ndisaine, mudzadziwe kuti mutu wanga wazungulira. Musadzandipatse. Mwamva?"

"Ndamva." Lemuel anatenga pepala lotembenukiralo, limene linabwera ndi kalata ya ku Indianapolis, nalipinda kanayi, naliika m'thumba lam'kati la jekete, namanga mabatani onse mpaka m'khosi.

A Pruitt anamva bwino mumtima. Anadzithirira khofi wozizira amene anatsala m'ketulo, namwa ataimirira ngati mkulu wa asilikali amene wapambana. Ndipo pofuna kuti chipambanocho chikome, anati, "Ndalama za boma lalikuluzo n'zooneka bwanji? Munaionapo?"

"Ilipo imodzi mu kabati. Anasiya wogulitsa mapulawo uja wa ku Dayton."

A Pruitt anaitenga ndi zala ziwiri ngati chinthu chakufa. Analiyang'ana pepalalo kutsogolo, kuseri, nabweza milomo.

"Palibe nyama ngakhale imodzi. Nanga dzina ili m'munsimu, lolemba ndi inki, ndi la ndani? Mkulu wa ku Washington?"

"Ayi. Ndi la mtsogoleri wa banki ya ku Dayton. Boma limasindikiza, koma pepala lililonse amasaina ndi mwini banki, ndi dzanja lake."

"Lililonse?"

"Lililonse."

"Ndipo ku Terre Haute amalitenga pa madola angati?"

"Asanu."

"Ku Chicago?"

"Asanu. Wa mapulawo akuti ngakhale ku Boston. Safunsa n'komwe."

A Pruitt analiyang'ananso dzinalo. M'maganizo mwawo anaona munthu wa chipewa chachitali ku Boston akutulutsa pepala m'chikwama, akuwerenga pang'onopang'ono kuti Hezekiah Pruitt, ndi mchira umene iwo amaukoka pansi pa dzina posaina. Anatsokomola.

"Zachibwana," anatero, koma pepalalo sanalibweze.

"A Tolliver a sitolo ya zitsulo akuti si zachibwana," anatero Lemuel akusonkhanitsa tizidutswa take. "Apeza anzawo anayi, akutsegula yawo. Mapepala awo akutumiza ku Washington pa sitima ya mawa. Akuti amene wayamba kufikitsa mapepala ndiye amatenga dzina lakuti Banki Yoyamba ya tauniyo. Wobwera pambuyo amakhala Yachiwiri."

Kapu ya a Pruitt inagunda pakauntala.

"Tolliver uti? Silas Tolliver? Amene nkhumba yake inakhala yachiwiri kwa Duchess zaka zitatu zotsatizana?"

"Yemweyo. Walamula kale chikwangwani. Zilembo zagolide."

"Ndiye ine ndizidutsa pamsewu uwu m'mawa uliwonse, iye Woyamba, ine..." A Pruitt anasolola wotchi m'thumba. "Sitima ya lero inyamuka nthawi yanji?"

"Ikamakwana thwelofu. Kwatsala mphindi makumi awiri."

"Bweretsani pepala lija."

Lemuel anawayang'ana mwachisoni, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Pepani, alamu."

"Pepani chiyani? Bweretsani ndisaine."

"Zayamba msanga chonchi. Khalani pansi. Ndikuitanireni adokotala?"

"Sindikudwala ine."

"Munanena nokha. Tsiku limene ndidzapemphe pepala, mutu wazungulira, musadzandipatse."

"Ndinanena tsiku lina, osati lero."

"Simunatchule tsiku."

"Chabwino, ndabweza mawu amenewo."

"Amene anandilamula anali a Pruitt abwinobwino. Amene akubweza mawuwa ndi odwala. Ndimvere ati?"

A Pruitt anazungulira kauntala. Lemuel anazungulira mbali inayo, manja atagwira pachifuwa pamene panali pepala. Anazungulira kawiri, kenako a Pruitt anaima, akupuma ngati ng'ombe yokoka pulawo.

"Alamu anga. Mlongo wake wa mkazi wanga. Ndinakulembani ntchito pamene wa chigayo anakuchotsani."

"Anandiuza kuti ndithire chimanga chonse m'chigayo. Sananene kuti ndichotse m'matumba."

"Sindikukumbutsa zimenezo. Ndikuti, ndichite chiyani kuti mukhulupirire kuti mutu wanga uli bwino?"

Lemuel anaganiza mofatsa. "Mukane."

"Ndikane chiyani?"

"Kusaina. Mukakhala bwino mumakana."

"Chabwino. Ndakana."

"Mokweza pang'ono. M'mawa muja mumamveka mpaka panja."

"Ndakana!"

Nkhope ya Lemuel inawala. "Mwachira, alamu. Ndinachita mantha." Anamasula mabatani, natulutsa pepala, naliyala pakauntala.

A Pruitt anatola cholembera. "Ndisaine pati?"

Pepala linabwerera m'jekete.

"Zayambiranso."

Kutali kusiteshoni sitima inaliza mluzu woyamba. A Pruitt anayang'ana wotchi, nayang'ana mlamu wawo, nayang'ana sizasi kwa nthawi yotalikirapo kuposa mmene mkhristu ayenera kuyang'anira sizasi. Kenako nzeru inawafikira, ya mtundu umene umafikira munthu amene wakhala zaka zisanu ndi Lemuel m'chipinda chimodzi.

"Alamu, ndinati musandipatse ndikapempha. Eti?"

"Eya."

"Ndikapanda kupempha?"

"Pamenepo simunanenepo kanthu."

"Ndiye ikani pepalalo apa. Sindikulifuna. Ndikungofuna ndilitukwane likumva."

Lemuel anaona kuti zimenezo n'zololeka. Analiyala, nalipsinja ndi botolo la inki kuti lisathawe.

"Pepala lachabechabe," anatero a Pruitt akuviika cholembera. "Sindidzakusaina mpaka imfa." Dzanja linayamba kulemba Hezekiah. "Ndakana dzulo, ndakana lero." Linalemba Pruitt. "Ndipo amene akuganiza kuti ndingagonjere Washington sakundidziwa." Linakoka mchira uja pansi pa dzina, wautali, wopotana kumapeto.

Kunja alimi aja anamva zonse, ndipo mmodzi anaomba m'manja, nati a Pruitt ndiye mwamuna.

A Pruitt anadzigwetsa pampando, thukuta lili kamukamu, koma mtima uli mbee. Tolliver akadye chikwangwani chake chagolide.

"Thamangani nalo, alamu. Mukadutsa kuseri kwa khola la a Yoder mufika sitima isananyamuke."

Lemuel anaumitsa inki bwinobwino, nawerenga pepalalo kuyambira pamwamba, chala chikutsata mawu. Sanasunthe.

"Pasaina munthu mmodzi."

"Ndiye?"

"Munati anthu awiri athunthu."

"Wachiwiri ndinu. Nachi cholembera. Fulumirani."

Sitima inaliza mluzu wachiwiri. Lemuel anayang'ana cholemberacho, kenako anapisa manja onse awiri m'matumba, natukula chibwano mmene a Pruitt amachitira.

"Ine ndimati ndisaina m'mawa muja, alamu. Koma mwandifotokozera bwino kwambiri. Ndakana."